Musanawasiye amayi ku care home, kaoneni kaye pamene pali kapu ya madzi

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi, achemwali ena anandikokera pambali kumene timaimika magalimoto kuja, nkhope ili yakugwa, akuti "achemwali, inu mumagwira ku care home, tandiuzani zoona, yabwino ndingaidziwe bwanji?" Mayi awo anagwidwa sitiroko chaka chatha, mbali imodzi siigwira, kuiwala nako kwayamba, ndipo achipatala anena kuti kunyumba sizingathekenso chifukwa kuli masitepe komanso pamafunika anthu awiri kuti awadzutse pabedi. Iwowo amagwira ma shifiti, bambo akunyumba chimodzimodzi, ana ali pasukulu. Apatsidwa mayina a ma home anayi, akuti sankhani msanga bedi la kuchipatala likufunika. Ndinawayankha mwapatalipatali pomwepo koma nkhaniyi sinandichoke m'mutu, ndiye ndati ndilembe bwinobwino, poti funso limeneli tiyamba kulimva pafupipafupi ku UK kuno, amene anabwera kalekale akukalamba ndipo makolo amene tinawaitanitsa anakalamba kale.

Ndichotse kaye kamanyazi kaja. Kwathu gogo amadwalira pakhomo, pali mdzukulu wotunga madzi, pali mpongozi wophika phala, amayi amvano akubwera kudzazonda, munthu sakhala yekha. Kuno uli m'nyumba yalendi, neba sumudziwa dzina, ntchito ukajomba bilu sikudikira. Ndaonapo anthu akuyesetsa okha mpaka msana kuwonongeka, gogo kugwa m'bafa pakhomo palibe munthu. Ndiye amene wafika popititsa kholo lake ku home musamuloze chala, ndipo inu amene mwafika pamenepo musadziweruze. Ntchito yanu sinathe, yangosintha, tsopano ndinu maso awo ndi pakamwa pawo.

Ma home alipo amitundu iwiri ndipo anthu amasokoneza. Residential home ndi kumene kuli ife ma carer, kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kupereka mankhwala, koma pakafunika za unesi monga kutsuka chilonda kapena jakisoni amachita kubwera nesi wa NHS, a zaumoyo aboma aja, kuchokera kunja. Nursing home ndi kumene kumakhala nesi wolembetsedwa usana ndi usiku. Munthu wodyera papaipi, wa zilonda zazikulu, wa matenda angapo ophatikizana, amafunika nursing. Ndiye musanayambe kuyenda, dziwani kuti kuyeza kwa achipatala ndi a khansolo kwanena kuti mayi anu akufunika mtundu uti, apo ayi mukakonda malo amene sangathe kuwasamala, pakatha miyezi iwiri nkukuuzani kuti asamuke, ndipo kusamutsa munthu woiwala kumamubwezera m'mbuyo kwambiri.

Tsopano za boma. Ku England bungwe loyendera malo amenewa ndi Care Quality Commission, timangoti CQC, linayamba ntchito mu 2009. Ku Scotland ndi Care Inspectorate ndipo iwo amapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 6, ku Wales kuli Care Inspectorate Wales, ku Northern Ireland ndi RQIA. Ine ndikamba za England poti nkumene ndagwira. A CQC akabwera amafunsa mafunso asanu, pa ripoti amalemba kuti Safe, Effective, Caring, Responsive ndi Well-led, kutanthauza kuti kodi anthu ndi otetezeka, kodi chisamalirocho chikuthandizadi, kodi antchito ali ndi mtima wa umunthu, kodi amamva zofuna za munthu aliyense payekha, ndiye kodi oyendetsa malowo akuyendetsa bwino. Pamapeto amapereka chimodzi mwa zinayi, Outstanding, Good, Requires improvement kapena Inadequate. Lamulo limati home iliyonse ionetse zimenezi poonekera, nchifukwa chake mukalowa pakhomo mumapeza chipepala chili mufulemu pafupi ndi buku losainira alendo. Maripoti onse ali pa intaneti, ndi aulere.

Awerengeni ndithu, koma musathere pa mawu amodzi aja a Good. Chinthu choyamba onani deti. Ripoti ndi chithunzi cha masiku awiri kapena atatu amene oyendera anali pamalopo, ndipo ngati anajambula zaka zinayi zapitazo, manejala uja mwina anachoka, kampani inagulitsidwa, ma carer onse ndi atsopano, chatsala chakale ndi fulemu yokha. Izi si zonena ine ndekha. Mu 2024 boma linatuma Dr Penny Dash kuti aunike CQC yeniyeniyo, ndipo anapeza kuti malo ena anakhala zaka zambiri osayenderedwanso, komanso pafupifupi malo amodzi mwa asanu aliwonse amene CQC ili ndi mphamvu yowayendera anali asanapatsidwepo giredi iliyonse. Nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, Wes Streeting, inachita kunena poyera kuti bungweli silikukwanitsa ntchito yake. Ndiye mukaona Good, funsani kuti Good wa liti.

Palinso nkhani ya Orchid View ku West Sussex, imene aliyense wogwira ntchitoyi amayenera kuidziwa. Inali nursing home ya kampani ya Southern Cross, nyumba yatsopano yooneka bwino, mu 2010 inapatsidwa giredi yabwino, koma mu 2011 inatsekedwa, ndipo mu 2013 wofufuza za imfa anagamula kuti kusasamalidwa kunathandizira imfa za anthu asanu okhala mmenemo. Anthu ankasiyidwa ndi ludzu, mankhwala kuperekedwa molakwika, belu kuikidwa patali. Chinaulula si chipepala chapakhoma, anali wantchito wa momwemo amene analimba mtima nkulankhula.

Mkati mwa ripoti ine ndimathamangira pa Safe ndi Well-led. Caring nthawi zambiri imatuluka bwino, chifukwa ma carer ambiri ndi anthu achifundo ndithu ngakhale pamalo povuta, ndipo oyendera akakhalapo aliyense amamwetulira. Koma Safe ndi pamene pamatuluka za mankhwala, za kugwa, za kuchepa kwa antchito, ndipo Well-led imakuuzani ngati pali munthu wogwira chiwongolero. Home imene yasintha mamanejala atatu m'zaka ziwiri, ngakhale ikhale ndi kapeti wokongola bwanji, pali chimene chikuwathamangitsa. Komanso Requires improvement sikuti nthawi zonse ndi malo oipa, pena anapezeka ndi vuto la mapepala ndipo anakonza kale, ndiye funsani manejala maso ndi maso kuti zimene ananena a CQC zija munachitapo chani. Akayankha molunjika, nkukuonetsani, ndi chizindikiro chabwino. Akayamba kunyoza oyenderawo, chenjerani.

Koma zenizeni zili pamalopo, ndipo ndi zimene ndikufuna nditaye nazo nthawi. Ulendo woyamba adzakupatsani nthawi yawo, adzakuyendetsani, adzakuonetsani chipinda chopanda munthu chili ndi maluwa, dimba, kasaluni kokonzera tsitsi. Palibe cholakwika, pitani. Kenako mubwererenso osauza munthu, nthawi ya nkhomaliro kapena Loweruka madzulo pamene akuluakulu kulibe. Mukhale pansi pabalaza pomwe pamakhala agogo aja mphindi makumi awiri, foni m'thumba, mungoyang'ana.

Muyang'ane kapu ya madzi. Ndikunena zenizeni, kapu. Pafupifupi chipinda chilichonse mudzapeza jagi ndi kapu, poti aliyense amadziwa kuti zimayenera kukhalapo, koma funso ndi lakuti ili mbali iti. Ndinagwirapo pamalo ena pomwe panali agogo aamuna a sitiroko, dzanja lamanja lakufa, ndiye m'mawa uliwonse wokonza m'chipinda amakankhira katebulo kumanja kuti akolope bwino nkukasiya komweko. Jagi yodzadza, kapu yoyera, pa chart, pepala lolembapo zimene munthu wachitiridwa, palembedwa kuti madzi aperekedwa, koma munthu milomo ili gwa, lilime louma, akungoyang'ana madzi amene sangawafike. Palibe amene ankawada, aliyense ankangothamanga. Munthu wokalamba samva ludzu ngati ife, ndipo ena amadziletsa dala kumwa poopa kuti akafuna kutoileti palibe wowaperekeza msanga. Madzi akachepa m'thupi kumabwera kudzimbidwa, chizungulire, kubalalika mutu, matenda a njira ya mkodzo amapezerapo mpata, kenako kugwa, kenako chiuno kuthyoka, ndipo ambiri akathyoka chiuno pamsinkhu umenewo sabwereranso mwakale. Zonsezo zimatha kuyambira pa katebulo kamene kali mbali yolakwika. Chimodzimodzi belu loitanira, onani ngati lili pafupi ndi dzanja kapena lakolekedwa kukhoma kuseri kwa bedi. Ndipo likalira, muwerenge mumtima kuti patha nthawi yaitali bwanji lisanayankhidwe.

Nthawi yachakudya imaulula zambiri kuposa ripoti lililonse. Pali anthu ofunika kudyetsedwa, ndipo kudyetsa munthu wa dementia, matenda oiwala aja, kapena wovutika kumeza bwinobwino kumatha theka la ola. Carer wabwino amakhala pampando, maso kulingana, kudikira kuti ameze, kumuuza kuti iyi ndi nsomba, iyi ndi mbatata. Pamalo pochepa antchito mudzaona munthu mmodzi ataimirira pakati pa agogo atatu, supuni uku supuni uko, kapena mbale itaikidwa patsogolo pa munthu amene sangathe kunyamula foloko, pakatha kanthawi nkuchotsedwa yosakhudzidwa, pa chart nkulemba kuti anakana. Mawu amenewo a "anakana" muziwakayikira. Nthawi zina munthu amakanadi ndipo ndi ufulu wake, koma akamakana tsiku ndi tsiku sikelo nkumatsika, pamayenera kukhala chimene achita, kuitana dokotala, kusintha chakudya, kuona ngati m'kamwa muli zilonda kapena mano oikirira akula. Ma home amayenera kumayeza anthu pasikelo pafupipafupi, ndiye muli ndi ufulu wofunsa manambalawo. Amene amatsamwa amayezedwa ndi akatswiri a zomeza, nkulembedwa kuti chakudya chikhale chofewa motani ndipo zakumwa azithira ufa wolimbitsa uja wa thickener mulingo wanji. Funsani carer wina aliyense amene mwakumana naye mukolido kuti amadziwa bwanji mulingo wa munthu aliyense. Ngati sakudziwa pokaona, ndi zoopsa, anthu amafa ndi kutsamwa.

Fungo anthu amalitchula kwambiri. Kafungo kodutsa sikakhala nkhani, mwina wina wangosinthidwa padi pompo, ndi moyo. Koma fungo la mkodzo lokhazikika, lolowerera mumipando ndi mukapeti, ngakhale apopere perefyumu wochuluka bwanji, limatanthauza kuti anthu akukhala onyowa nthawi yaitali. Onaninso zikhadabo, ndevu, magalasi ngati apukutidwa, ngati munthu wavala zovala zake kapena juzi ya wina yothina, ngati tsitsi lapesedwa. Tinthu timeneti ndi timene timayamba kusiyidwa nthawi ikachepa.

Ndiye mverani mmene akulankhulira. Amagogoda asanalowe? Amamuitana munthu dzina limene iye amafuna? Akamakankha wheelchair amayamba anena kuti tikupita kwakuti, kapena amangoikoka chammbuyo munthu nkudzidzimuka? Chimene chimandipweteka ine kwambiri ndi ma carer awiri akunyamula gogo pa hoist, makina onyamulira aja, gogo ali lendelende m'malere akunjenjemera, iwo akukambirana za rota ya ma shifiti pamwamba pa mutu wake ngati akukweza thumba la chimanga. Carer amene amanyonyomala kuti maso akumane, amene akudziwa kuti agogo awa anali aphunzitsi ndipo tiyi amamwa wopanda shuga, ameneyo wakhalitsa ndipo akupatsidwa nthawi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chiwerengero cha antchito ndi kukhalitsa kwawo. Ku England kulibe lamulo lonena nambala yeniyeni kuti carer mmodzi asamale anthu angati, limangoti akhale okwanira ndi oyenerera, ndiye kukwanirako home iliyonse imadziwerengera yokha. Mukafunsa kuti muli ndi antchito angati adzakupatsani nambala yaikulu yophatikiza ophika, ochapa ndi a muofesi. Funsani motere, usiku wa lero, pa floor imene mayi anga adzagone, pakhala ma carer angati ndipo anthu ndi angati, mwa amenewo ofunika awiri powatembenuza ndi angati. Ine ndagwira nayiti zaka zambiri, ndikudziwa mmene zimakhalira muli awiri, nonse muli m'chipinda chimodzi mukusintha munthu, uku mabelu atatu akulira, wina wa dementia wadzuka akuyenda mukolido akufuna kupita kwa amayi ake. Sungadzigawe. Funsaninso kuti a agency, ma carer obwereka kukampani ina, amabwera kangati pa sabata. A agency si oipa, ambirife tinayambira kumeneko, koma munthu wobwera lero lokha sangadziwe kuti agogo akuti akangokhala chete ndiye kuti akumva kuwawa. Home imene theka la shifiti ndi nkhope zachilendo sabata ndi sabata, chisamaliro chake chimakhala chapamwambamwamba basi.

Pali chinanso chimene ife tikuchidziwa bwino kuposa azungu eni dziko. Kuyambira mu 2022 ma carer ambiri anabwera pa viza ya sponsorship, Amalawi, a ku Zimbabwe, Nigeria, India, ndipo viza imeneyo imamangiriridwa kwa bwana. Ntchito ikatha umapatsidwa masiku 60 kuti upeze sponsor wina apo ayi uzipita. Tsopano taganizani, munthu ameneyo waona kuti chart yotembenuza anthu ikusainidwa onse nthawi imodzi m'mawa osatembenuza aliyense, alankhula? Ali ndi ngongole kumudzi, ana akudikira fizi. Lamulo la 1998 loteteza oulula zoipa pantchito lilipo, ndipo CQC umatha kuiuza osatchula dzina, koma mantha ndi mantha. Pamene antchito akuopa bwana, agogo ndi amene amalipira. Ndiye mukamayendera muone ngati ma carer amamasuka manejala akamadutsa kapena onse amangoti zii, ndipo mukapeza mpata mufunse mmodzi mwakachetechete kuti mwakhala pano nthawi yaitali bwanji, nanga mayi anu mungawagoneke pano?

Za khungu ndiye ndikupemphani muwerenge kawiri, chifukwa zikutikhudza ife akuda mwapadera. Munthu wogona kapena kukhala malo amodzi nthawi yaitali amachita zilonda pamene fupa likukanikiza, kuzidendene, pamwamba pa matako, m'chiuno, m'zigongono, ngakhale kuseri kwa makutu ngati ali ndi kapaipi ka mpweya. Amaziika m'magulu kuyambira 1 mpaka 4, gulu loyamba khungu lisanang'ambike, lachinayi ndi dzenje lofika pamnofu wamkati kapena pafupa. Vuto ndi lakuti ambiri anaphunzitsidwa kuyang'ana kufiira, ndipo pakhungu lathu kufiirako sikuoneka. Pamangoda kuposa pozungulira, pena ngati papepo, pamatentha kapena kuzizira mosiyana, pamalimba kapena kufewa, ndipo ngati carer akudikira kuti aone pofiira adzazindikira khungu litatseguka kale. Funsani nesi mwachindunji kuti pakhungu lakuda mumaona bwanji chilonda chikamayamba. Wodziwa ayankha nthawi yomweyo za kukhudza ndi dzanja ndi kuyerekeza mbali ziwiri. Ndipo inuyo mukapita kukazonda musachite manyazi, ndi mayi anu, vulani sokosi muone zidendene, muwadzoze mafuta, khungu lathu likauma limang'ambika msanga ndipo si onse amene amadziwa kuti ife timadzola tsiku lililonse. Care plan, ndondomeko yolembedwa ya mmene munthu azisamalidwira, imanena kuti munthu azitembenuzidwa pakatha maola angati, ena awiri ena anayi, komanso ngati akufunika matiresi a mpweya. Chart ikamanena kuti ali chakumanzere inu mwawapeza chagada, ndipo mwakhala maola atatu palibe wabwera, mwadziwa.

Mankhwala nawo. Pali pepala kapena tabuleti yolembapo mankhwala aliwonse operekedwa, timati MAR chart, mipata yosasainidwa imatanthauza kuti mwina sanaperekedwe. Koma chimene ndimaopa kwambiri ndi mankhwala ogonetsa. Munthu wa dementia akamakuwa, kumenya kapena kuyendayenda, nthawi zambiri pali chifukwa, akumva kuwawa, wadzimbidwa, akufuna kutoileti, waopa. Kufufuza chifukwacho kumafuna nthawi, kumupatsa mankhwala oti afooke nkosavuta. Mu 2009 ripoti la Professor Sube Banerjee linayerekeza kuti anthu a dementia pafupifupi 180,000 ankapatsidwa mankhwala ofooketsa otchedwa antipsychotic m'dziko muno, ambiri osapindula nawo, ndipo ankawonjezera imfa pafupifupi 1,800 pachaka. Zinthu zinasinthako kuchokera nthawi imeneyo koma chizolowezicho sichinatheretu. Mukalowa pabalaza 11 koloko m'mawa nkupeza aliyense mutu uli pachifuwa, TV ikudzilankhulira yokha, funsani. Mayi anu akasintha mwadzidzidzi, dovu kutuluka, kuyenda mokoka miyendo, kugona usana wonse, funsani ngati pali mankhwala atsopano, analemba ndani, ndipo adzawaunikanso liti.

Chinanso chimene ripoti silingakuuzeni, dementia ikamakula munthu amatha kutaya chilankhulo chimene anaphunzira atakula nkubwerera ku cha kwawo. Mayi amene anagwira ntchito muofesi zaka makumi atatu akulankhula Chingerezi chosalala atha kudzuka akungolankhula Chichewa kapena Chitumbuka chokhachokha. Akanena kuti "ndikumva kuzizira" kapena "mwendo ukupweteka" wina nkulemba kuti akubwebweta. Ndiye funsani ngati angalole kuti mulembe mawu ofunika papepala limatidwe kukhoma, madzi, kuwawa, chimbudzi, njala, ndipo ngati pali carer wa kwathu kapena wa ku Zambia pamalopo ndi mwayi waukulu. Funsani ngati mungamabweretse nsima ndi ndiwo, kapena phala, malinga zikugwirizana ndi za kumeza zija, ngati abusa ndi amvano angamabwere kudzaimba. Home yabwino imakondwera ndi zimenezi ndipo imazilemba mu care plan. Ndinaonapo agogo amene anali atasiyiratu kudya atsegula pakamwa atangomva fungo la chakudya cha kwawo. Za kuzonda, kuyambira April 2024 malamulo a ku England amati ma home azilola alendo pokhapokha pali chifukwa chachikulu, ndiye amene akukupatsani maola ochepa ngati kundende afotokoze chifukwa chake.

Ndalama ndingodutsapo, ndi nkhani ina payokha. Nursing home kuposa £1,000 pa sabata si zachilendo. Ku England munthu akakhala ndi chuma choposa £23,250 amadzilipirira, kuchepera apo khansolo imathandiza, ndipo amene vuto lake lalikulu ndi matenda atha kuyezedwa ngati akuyenera NHS Continuing Healthcare imene imalipira zonse, muifunse chifukwa sikuti nthawi zonse amakuuzani okha. Musasaine za top-up, ndalama zimene abale amawonjezera pamwamba pa za khansolo, musanamvetse kuti mudzalipira mpaka liti ndipo izikwera bwanji. Ndipo kudula si umboni, ndagwirapo m'nyumba yooneka ngati hotela momwe nayiti tinali ochepa zomvetsa chisoni, ndagwiranso m'kanyumba kakale ka penti wosuluka momwe wophika ankadziwa chimene aliyense amakonda.

Mayi akalowa, zinthu zikalakwika, yambani ndi nesi kapena manejala, ndipo mulembe, deti, nthawi, chimene mwaona, imelo ndi yabwino kuposa kulankhula pakhomo. Lamulo limawakakamiza kukuuzani zoona pakachitika ngozi yaikulu ndi kupepesa, ndiye home imene imakuimbirani yokha kuti mayi agwa, tachita zakutizakuti, imeneyo ikhulupirireni kuposa imene imati kuno sikugwa munthu. Kulikonse anthu amagwa. Mukaona zipsera zosafotokozeka, mantha pa carer wina wake, ndalama kusowa kapena kusasamalidwa koonekeratu, imbirani a safeguarding, oteteza anthu ku nkhanza, ku khansolo ya dera limenelo, ndi udindo wawo pansi pa Care Act ya 2014, ndipo pakakhala kumenyedwa ndi nkhani ya apolisi. CQC siweruza dandaulo la munthu mmodzi koma iuzeni, zimathandiza kuti abwere msanga. Dandaulo likakanika pa home, kuli ofesi yofufuza madandaulo yotchedwa Local Government and Social Care Ombudsman, amalandira ngakhale a odzilipirira okha. Ambirife tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa, komanso timaopa kuti tikadandaula adzawazunza tikachoka. Zimene ndaona ine nzosiyana, gogo amene abale ake amabwera nthawi zosiyanasiyana, amapereka moni kwa ma carer, amathokoza pabwino nkufunsa pamene pavuta, aliyense pa handover, posinthana shifiti, amamukumbukira.

Achemwali aja anandiimbira dzulo, pa ma home anayi aja awiri awachotsa kale, ina ripoti lake ndi lakalekale ndipo manejala anakana kukumana nawo, ina ili kutali mabasi awiri ndipo aona kuti sangamapiteko pakati pa sabata, zomwe ndinawauza kuti aganiza bwino. Yatsala ina ya Good ndi ina ya Requires improvement imene akuti nesi wake anawayankha bwino za khungu mpaka kuwaonetsa matiresi. Tagwirizana kuti Loweruka ndikaweruka nayiti ndigone pang'ono, kenako tipite limodzi konse kuwiri, ina nthawi ya nkhomaliro, inayo chakumadzulo pamene a masana akupereka ntchito kwa a usiku.